Kachitsulo ka m'Thumba la Jekete

"Makiyi a njinga, alamu. Ndikunena kachitatu tsopano."

Amene ankalankhulayo anali Mzime, mwana wanga wotsiriza. Anaima pamasitepe a khonde atatambasula dzanja. Mpongozi wanga, mkazi wa malemu mwana wanga woyamba, sanadzuke n'komwe. Anali atagwada pansi, manja ali bii ndi oyilo, akutsuka zitsulo m'beseni la palafini. Pambali pake njinga yamoto inali itakhazikidwa pa njerwa, pamimba pake pali pululu, injini yonse itayalidwa pa chinsalu chakale.

"Makiyi ali pa msomali kuseri kwa chitseko," anatero mpongozi. "Tengani, alamu. Muikwere momwe ililimu."

"Mwamva, bambo? Mwamva mayankhidwe ake? Aiphwasula dala atamva kuti ndikubwera."

Ine ndinali pa mpando wanga pakona ya khonde. Sindinayankhe msanga. Ndimakonda kuti anthu ayambe adzivula okha ndi pakamwa pawo.

"Ndaiphwasula chifukwa ikudwala," anatero mpongozi. "Inu simunaione ikufuka utsi? Pamtunda paja akulu anu ankachita kutsika n'kumakankha, zigubu za mkaka zili pamwamba. Zitsulo zili m'katoni izi anagula okha asanagone: buloko yaikulu, pisitoni yake, maringi, gasiketi. Ankati ikakula mphamvu izidzakwera mtunda ndi zigubu ziwiri osapumira. Sanafike pozimanga. Ndizimanga ine."

"Inu? Injini si mphika, alamu."

"Zoona si mphika. Ikanakhala mphika bwenzi mutakhala kale pansi kudikira."

"Musandinyoze pakhomo pa bambo anga! Njinga iyi ndi ya magazi athu. Miyezi inayi yatha chimwalirire akulu anga, ife tangokhala chete. Mwana pano simunabereke. Mawa lino mupeza mwamuna wina, ndiye ife tizidzaona mlendo akutiwaza fumbi pamsewu ndi njinga ya m'bale wathu?"

"Iwe Mzime, pakamwa apo," anatero mkazi wanga atatsamira chitseko. Amadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo masiku amenewo manja ndi miyendo zinali zitatupa. "Mwana wa mnzako ndi samba m'manja, wako ndi kazingodya. Akanakhala mlongo wako akuchitidwa zotere kwa eni ake, bwenzi ukuti chiyani?"

"Amayi, iyi ndi nkhani ya zitsulo."

"Njingayi tinaigula awiri," anatero mpongozi, maso ali m'beseni. "Ine ndinkakama ng'ombe n'kuzungulira makomo kusonkhanitsa mkaka, iwo ankakwera nawo kumsewu kumene imaima galimoto ya mkaka. Mukandilanda njinga mwandilanda mkaka, mwandilanda ndi chakudya cha pakamwa."

Mawu a Mzime anali oipa, koma anali omwewo amene ine ndinkatafuna mumtima. Ndinagwira ntchito zaka makumi atatu m'galaja ya malole, tsiku lotsiriza anandipatsa chanza ndi kalendala. Chiyambire pamenepo ndimadziwa kuti munthu akamakusekerera pali chimene akufuna kunyamula. Mkazi wopanda mwana pakhomo ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Njinga ija inali chinthu chokhacho cha mwana wanga chimene chinali chikadali ndi fungo la manja ake.

Ndinatsokomola, onse anatembenukira kwa ine.

"Ndamva zonse," ndinatero. "Apongozi, mukuti muimanga. Ndikukupatsani masabata atatu. Loweruka la sabata yachitatu njinga iyi ilire, ikwere mtunda ndi zigubu ziwiri zodzaza, phazi osaponda pansi. Ikatero ndi yanu, ndipo munthu asadzaitchulenso. Ikalephera, Mzime atenga. Pasapezeke wokuthandizani."

"Abambo, chiweruzo chanji chimenecho?" anatero mkazi wanga. "Katundu wake yemwe achite kumulembera mayeso?"

"Ndavomera, bambo," anatero mpongozi.

Mzime anatsika masitepe akuimba mluzu. Nanenso mumtima ndinkaimba. Ndinali wotsimikiza kuti pofika Lachitatu mayiyo akhala atasokoneza manati n'kuyamba kulira.

Sanalire. M'mawa uliwonse akatha kukama ankabwera pakhonde, n'kuyala mathireyi atatu a mazira. Nati iliyonse, wochala aliyense, kasipuling'i kalikonse kanali ndi kabowo kake. Tsiku lachitatu ndinamumva akudzilankhulira: "Pomasula yambira kumanzere, pomanga yambira kumanja."

Amenewo anali mawu anga. Ndinamuphunzitsa mwana wanga ali wamng'ono, pakhonde lomweli.

"Munawamva kuti mawu amenewo?" ndinafunsa.

"Kwa ana anu. Injiniyi tinaitsegulapo kawiri. Iwo ankalankhula, ine ndinkagwira. Ankati bambo awo ankawamenya ndi sipanala pa zala akasakaniza manati."

"Bodza. Kamodzi kokha."

"Ankati kanayi."

Sindinaseke. Ndinayang'ana kumbali.

Masiku anapita ine ndili tcheru, ndikudikira cholakwa. Mavalavu anawapera bwinobwino, akupekesa kandodo pakati pa zikhatho ngati woyatsa moto, mpaka milomo yake inawala mofanana kuzungulira konse. Kenako anatembenuza hedi, mutu wa injini, nathiramo palafini kuti aone ngati adontha. Sanadonthe. Njira yolowera mpweya anaisalaza ndi sandipepa masana awiri athunthu. Ringi iliyonse ankayamba wailowetsa yokha m'buloko, n'kuyeza mpata wa pakamwa pake. Imodzi inali yothina, anaipala pang'ono ndi tupa. M'kabuleta anasintha kachitsulo kotulukira petulo, naikamo kena ka bowo lokulirapo.

"Buloko ikakula imamva ludzu," anatero, ngati akuuza nkhuku zimene zinkatola pabwalo.

Tsiku lina ndinamupeza atachotsa gudumu lakumbuyo.

"Nanga gudumu lalakwa chiyani? Nthawi mukuiona?"

"Mabuleki atha, bambo. Ukaipatsa mphamvu yothamangira, uipatsenso yoimira."

Amenewonso anali mawu anga. Pamenepo ndinadziwa kuti mayiyu apambana. Ndinayamba kumuona m'maganizo akutsika msewu ndi njinga, katundu wake ali kumbuyo, osacheuka. Chikomekome cha mkuyu, ndinadziuza ndekha, m'kati muli nyerere. Ulemu wonsewu ndi wofuna kutuluka ndi njinga.

Lachiwiri la sabata yachiwiri, masana, anapita kukamwetsa ng'ombe. Mkazi wanga anali atagona m'nyumba. Ndinadzuka pampando n'kuima pamwamba pa mathireyi aja.

Amene sanatsegulepo injini ndimuuze. Pisitoni imalumikizidwa ku mkono wake ndi pini yachitsulo yopingasa. Kuti piniyo isatsetsereke, kumapeto kwake konse kuwiri kumakhala kakilipi, kawaya kopindika kochepa ngati ndolo ya mwana. Kamodzi kakasowa, injini imalira ndithu, mwina mphindi khumi, mwina ola lathunthu. Koma pini imayenda pang'onopang'ono mpaka imayamba kukanda khoma la buloko, chitsulo chimene pisitoni imayendamo. Ikakanda mokwanira injini imauma mwadzidzidzi, gudumu lakumbuyo limaima nji, ndipo wokwera amauluka. Makaniko aliyense amene ali ndi nzeru satseka injini kakilipi kakusowa.

Tikilipito tinali tiwiri m'kabowo kotsiriza ka thireyi. Ndinatola kamodzi n'kukaponya m'thumba la m'kati la jekete langa. Ndinabwerera pampando.

M'mawa mwake sanatenge nthawi. Anangoti maso pa thireyi, n'kuima.

"Bambo, pakhonde pano panafika munthu dzulo?"

"Ine ndine mlonda wanu?"

"Kakilipi kamodzi palibe."

"Nkhuku izi zimameza chilichonse chowala. Kapena wogulitsa anamupatsa mwana wanga kamodzi kokha. Ogulitsa zitsulo onse ndi akuba."

"Tinali tiwiri. Ndinatiwerenga dzulo ndisanapite."

Anasesa khonde lonse, fumbi analisefa pa sefa ya ufa. Anatenga maginito a wailesi yakufa n'kumawakoka pabwalo mpaka dzuwa linafika pamutu. Anatola misomali, mapini ndi kiyi wa loko imene tinataya kalekale. Kakilipi ayi. Tikilipi takale tinali titapindika pochotsa, ndipo ankadziwa kuti totere sitibwezedwa.

Lachinayi anakwera mtunda akuyenda pansi kupita kwa wogulitsa zitsulo. Anabwera madzulo miyendo ili mbuu.

"Ali nato tating'ono, tosakwana," anauza mkazi wanga. "Akuti ta pisitoni yaikuluyi aitanitsa ku tauni, koma sakudziwa tsiku."

"Ungotseka ndi kamodziko, mwana wanga," anatero mkazi wanga. "Kanthu kochepa chonchi?"

"Ayi, amayi. Bola njinga ipite kusiyana n'kuti ndimange chinthu chopha munthu."

Ndinamva ndili m'chipinda. Ndinagwira thumba la jekete, kakilipi kanali momwemo.

Chifukwa cha kutupa kwa manja a mkazi wanga, zovala zathu ankachapa mpongozi. Lolemba la sabata yachitatu ndinachokera kumunda n'kupeza jekete langa likulendewera pa chingwe. Ndinadikira kuti alowe m'khola, ndinathamanga ngati mnyamata, n'kupisa m'thumba. Kanali momwemo. Ndinaonanso kuti pakona ya thumbalo, pamene panali pobooka, panali posokedwa ndi ulusi wobiriwira. Ndinangoti mkazi wanga wasoka. Mumtima ndinaseka: mayiyu amaona nati iliyonse, koma thumba sanalione.

Anapitanso kwa wogulitsa zitsulo Lachitatu ndi Lachisanu. Palibe.

Loweruka Mzime anafika m'mawa atavala magalasi akuda.

"Ilire timve, alamu."

"Sinathe. Kakilipi kamodzi kakusowa."

"Kunamizira kumeneko, ha! Bambo, tsiku lakwana kapena silinakwane?"

"Lakwana," ndinatero.

Mkazi wanga anadzuma n'kulowa m'nyumba. Mpongozi anapukuta manja pa kansalu, napita kuseri kwa chitseko, nabwera ndi makiyi. Anawapereka ndi manja awiri.

"Njinga ndi yanu, alamu. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Musaitseke mpaka kakilipi kabwere. Wogulitsa uja akuti mwina sabata yamawa."

"Sabata yamawa! Mukufuna mupeze nthawi yokaitana abale anu? Ine ndakhala pa njinga zaka zisanu. Kamodzi kagwira, basi."

"Wakutsina khutu ndi mnansi, alamu. Funsani bambo, iwo ndi amene akudziwa."

Mzime sanandifunse, ndipo ine sindinayankhe funso limene sindinafunsidwe. Ndinaganiza kuti mawa lake ndidzangokaponya m'thireyi, n'kunena kuti kapezeka pansi pa mpando.

Koma Lamulungu ndinaitanidwa kukaona pampu ya mnansi imene inakana kutulutsa madzi. Pobwera dzuwa litapendeka, ndinapeza injini ili kale pa njinga, yotsekedwa, manati onse omanga. Mathireyi a mazira anali atawataya kudzala. Mzime anali ataitseka yekha n'kupita kwake, akuti abwera m'mawa ndi petulo.

"Ndinawaletsa, bambo," anatero mpongozi. "Anandikankha."

"Ndilankhula naye," ndinatero.

Ndilankhula naye chiyani? Ndimuuze kuti tsegulanso, kakilipi kali m'thumba mwa bambo ako? Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinadziuza kuti ndidzamukokera pambali, ndidzapeza bodza labwino. Bodzalo silinabwere.

Lolemba m'mawa mkazi wanga anadzuka mutu ukumuwaza, maso akuona chizungulire. Mapiritsi ake anali atatha Loweruka, ndipo Lolemba ndilo tsiku lake la kuchipatala. Chipatala chili kuseri kwa mtunda. Ukafika pamwamba msewu umatsika, n'kukhota m'mphepete mwa phompho limene anthu ankakumbamo miyala.

Mzime anafika ndi botolo la petulo. Anathira, naponda kiki kawiri. Kachitatu injini inalira. Ndinene zoona, inalira bwino. Mawu ake anali akuya, osatsokomola, ndipo utsi kunalibe. Ntchito ya mpongozi inali kumveka m'kati mwake.

"Mwamva?" anatero Mzime. "Kakilipi, kakilipi! Amayi, tengani chikwama chanu. Lero mufika kuchipatala anamwino asanamalize tiyi."

Mkazi wanga anatuluka pang'onopang'ono atagwira mutu. Ine ndinali pampando, jekete lili pathupi. Ndinamuona akutsika masitepe. Ndinamuona akuika dzanja paphewa la Mzime, akukweza mwendo wotupa uja.

Mpongozi anatulukira kukhola akuthamanga, ndowa ya mkaka anaisiya ikugubuduka. Anaima patsogolo pa njinga, gudumu lili pakati pa miyendo yake, nagwira zogwirira zonse ziwiri.

"Zimitsani."

"Chokani, alamu. Ndikupondani."

"Pondani. Zimitsani kaye."

"Nsanje! Mwaona, amayi? Njinga yalira, mtima wawapweteka."

Mpongozi anawerama pang'ono. Anatambasula dzanja, napotokola kiyi, injini inati zii. Kenako anatembenukira kwa ine. Chikwatiwire pakhomo pano anali asanandiyang'anepo m'maso. Tsiku limenelo anandiyang'ana.

"Bambo, masabata awiri onsewa sindinatchule dzina la munthu. Njinga ndapereka, sindinalire. Koma amene akukwerawa ndi amayi, ndipo wowayendetsa ndi mwana wanu amene watsala. Inu mukudziwa chimene chikusowa m'kati umu, ndipo mukudziwa pokhota paja. Nenani ndinu."

Nkhuku zinkamwa mkaka wotayika uja.

"Abambo, akuti chiyani mwanayu?" anafunsa mkazi wanga.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinadzuka, mawondo akulira. Ndinatsika masitepe, ndinapisa m'thumba la m'kati, ndinatsegula chikhatho pamaso pawo. Kakilipi kanali mbee padzuwa.

"Tsika, mayi," ndinatero. "Njinga iyi siyenda lero."

Mkazi wanga anatsitsa mwendo. Anayang'ana chikhatho changa nthawi yaitali.

"Zaka makumi anayi," anatero. "Zaka makumi anayi ndakuphikirani, ndakuchapirani, ndapirira kudandaula kwanu konse za galaja ija. Lero mumati mundiponye kuphompho chifukwa cha kanthu konga ndolo?"

"Ndimati ndinene."

"Mumati munene liti? Pamaliro?"

Mzime anavula magalasi. "Bambo, munaba ndinu? Ndiye dzulo lonse mumadziwa? Ine ndikanakwera chonchi?"

"Ukanakwera, chifukwa sumva. Anakuuza kawiri. Koma wolakwa woyamba ndine." Ndinazula makiyi pa njinga n'kuwapereka kwa mpongozi. "Apongozi, tengani katundu wanu."

"Aa, bambo, munaweruza nokha pakhonde pano," anatero Mzime. "Loweruka linakwana."

"Woweruza anali wakuba, chiweruzo chake chafa. Ndipo ngakhale ndikanapanda kuba, sichinali chiweruzo. Njinga anagula awiri, mmodzi wapita, yatsala ndi mwini wake. Ine ndi iwe tinangoona mayi wopanda womuimira, tinati tidyepo."

Mzime anatembenuka. Anayang'ana amayi ake, amene anali atakhala pa sitepe atagwira mutu. Kenako anatola ndowa ija, naiimika bwinobwino, nati, "Ndikukaitana galimoto ya aphunzitsi." Anapita akuthamanga. Ndi iyeyo amene anaperekeza amayi ake kuchipatala, ndipo mkazi wangayo anabwera masana ali bwinoko, mapiritsi ali m'chikwama.

Ife awiri tinatsala pakhonde. Mpongozi anapita kudzala, natola mathireyi a mazira aja, nawakuntha fumbi.

"Munati pasapezeke wondithandiza," anatero.

"Amene ananena zimenezo tamuchotsa ntchito. Ndipatseni sipanala ya nambala teni."

Tinadikira injini izizire, tinamasula kuyambira kumanzere. Titakweza buloko ndinaona zimene ndinkaopa. Pini inali itayenda kale, mutu wake utasuzumira kunja kwa pisitoni. Pakhoma la buloko panali kamzere kowala, kochepa ngati tsitsi. Mpongozi anayendetsapo chikhadabo, kenako anandipatsa. Ndinayendetsapo changa. Sichinakole.

"Yapulumuka," ndinatero. "Mphindi zisanu zina ikanakumba ngalande."

Ndinamupatsa kakilipi. Anatseka pakamwa pa injini ndi kansalu kuti kasagwere m'kati, nakalowetsa ndi pulayasi, mpaka kanalira kuti tcha. Anakazunguza kuti mpata wake uyang'ane pansi. Sindinachite kumuuza.

"Munadziwa liti?" ndinafunsa.

"Tsiku loyamba lomwe. Nkhuku sizisankha kamodzi n'kusiya kanzake. Koma ndinatsimikiza tsiku limene ndinachapa jekete."

"Munakaona?"

"Kanagwera m'beseni. Thumba lija linali lobooka, ndiye ndinasoka kuti kasatayike, n'kukabwezera."

Ndinaika sipanala pansi. Ulusi wobiriwira uja.

"Munali nako m'manja? Masiku asanu lisanakwane Loweruka? Bwanji simunangokatenga n'kumanga njinga yanu?"

"Ndikanakatenga, injini ikanalira, inu mukanadziwa kuti ndapisa m'thumba mwanu. Mukanakhala wakuba pakhomo panu pomwe, ine n'kukhala mpongozi wofufuza matumba a apongozi ake. Tikanayang'anana bwanji? Ndinati bambo ndi makaniko, sangalole injini itsekedwe chonchi. Abweza okha."

"Ndipo sindinabweze."

"Mwabweza. Mochedwa, koma ndi dzanja lanu. Koma nanenso ndinalakwa, bambo. Dzulo alamu atatseka ndinayenera kufuula pomwepo. Ulemu wanga ukanapha amayi."

Ndinatenga gasiketi n'kumaitembenuza ngati ndikuiyang'ana.

"Ndinkaopa kuti mupita nayo," ndinatero. "Mupita, wina adzaikwera, ine ndidzatsala ndi mpando uwu."

"Ndikhoza kudzapita, bambo. Sindikunamizani, ndikadali mtsikana. Koma ndikadzapita ndidzapite ngati munthu, nditatsanzika, osati ngati galu wothamangitsidwa ndi miyala. Ana anu sali mu njingayi. Ali m'manja mwangamu, ndipo zimene zili m'manjamu zinachokera kwa inu."

Ndinamuuza kuti manati a hedi amangidwe mopingasana, pang'onopang'ono, katatu. Ankadziwa kale, koma anayankha kuti, "Chabwino, bambo."

Injini yatsopano sithamangitsidwa. Masabata awiri ankangoyenda nayo kuchigwa kopanda katundu, kenako ndi chigubu chimodzi. Tinataya oyilo woyamba, tinathira wina. Mzime anabwera Lamulungu lina ndi tcheni chatsopano, nachisiya pakhonde osanena kanthu. Mkazi wanga anakhala masiku asanu ndi anayi osandilankhula, ndipo tsiku lakhumi anandiuza kuti tsitsi langa lakula ngati la wamisala.

Loweruka lina m'mawa mpongozi anamanga zigubu ziwiri zodzaza mkaka, china uku china uku.

"Mayeso aja tinawafuta," ndinatero.

"Anafuta ndinu. Ine sindinafute. Kwerani, bambo, pakhale katundu weniweni."

Ndinakwera. Mkazi wanga anaima pakhonde akufuula kuti ndigwiritse, mafupa a nkhalamba sagulitsa. Tinadutsa khola, tinadutsa mlatho, mtunda unayamba. Pamalo pamene mwana wanga ankatsikira n'kuyamba kukankha pali mwala waukulu woyera. Ndinauona ukubwera, ndinagwira chitsulo cha kumbuyo mwamphamvu. Mpongozi anatsitsa giya. Injini inabuula kamodzi, n'kukoka. Mwala uja unatsala m'mbuyo. Mphepo inandilowa m'maso, ndipo ndinawapukuta ndi mkono wa jekete.

Pamwamba anaima pambali pa msewu, phazi n'kuponda pansi koyamba. Sanazimitse.

"Tamverani, bambo. Ikulira bwanji?"

Ndinatsika, ndinawerama, ndinatchera khutu pafupi ndi hedi. Pa zaka zanga zonse za m'galaja ndi injini zochepa zimene ndinazimva zikulira moyera chonchija. Panalibe chokonza.

"Valavu yotulutsa utsi ikugogoda pang'ono," ndinatero.

Anandiyang'ana, milomo ikufuna kuseka. "Ndiye mawa masana mundithandize kuiona."

"Ngati ndili ndi nthawi."

Anthu sindiwakhulupirira mpaka lero, ndipo pa msinkhu uwu sindisintha. Wogulitsa zitsulo uja ndi wakuba ndithu: tikilipi take tinafika patatha miyezi iwiri, tosakwananso. Koma m'mawa uliwonse ndimamva njinga ikukwera mtunda osapumira, mkazi wanga ali moyo m'nyumba akundinyoza, Mzime akuyenda ndi miyendo yake iwiri. Jekete lija lang'ambika m'khosi ndi m'zigongono, ndipo mkazi wanga wayesa katatu kulipereka kwa galu kuti azigonera. Ndimamulanda. Thumba la m'kati ndi lolimba kuposa jekete lonse.